Mlonda wa Madzi Amene Anachiza Laputopu Yanga

A Ambokile Mwakikunga ndinawaona koyamba ali m'ngalande ku sikimu ya mpunga ya Hara, madzi akulekeza m'maondo, dzanja lamanja lili m'matope mpaka m'phewa. Ine ndinali mu yunifolomu yanga yoyera, laputopu ili m'chikwama kumsana. Ndinatembenukira kwa amuna anga a Sumaili n'kuwafunsa ngati anandikweza njinga yamoto mtunda wonsewo kuti adzandionetse munthu wogwira nkhanu.

"Ndi omwewa," anatero a Sumaili.

"Fundi wa makompyuta uja?"

"Omwewa, mayi a Zuhura. Tsitsani mawu."

Sindinatsitse. Anthu amati ndili ndi mtima wapachala, ndipo tsiku limenelo ndinali ndi chifukwa. Ine ndine Saida, mayi wake wa Zuhura, namwino komanso mzamba. Kwathu ndi ku Mangochi, koma ndakhala zaka khumi ndi chimodzi pa kachipatala kena kufupi ndi Chilumba, kumene a Sumaili ali ndi golosale. Kwa zaka zinayi ndinkaphunzira digiri ya uzamba ndili pantchito, ndipo chinatsala chinali chimodzi chokha: kuyankha mafunso pa kafukufuku wanga pamaso pa aphunzitsi atatu, kudzera pa vidiyo, iwo ali ku yunivesite ine ndili kuno. Lolemba la sabata yapitayo ndinali nditavala bwino, nditakhala pa tebulo, aphunzitsi aja ataonekera pa sikirini. Nditangopereka moni, sikirini yonse inasanduka ya buluu, pakati pake kankhope kokhumudwa, kenako laputopu inazima n'kuyambiranso yokha. Ndinalowanso, inazimanso. Kanayi konse. Madzulo ake ananditumizira uthenga waulemu koma wouma: mwayi womaliza ndi Lachinayi la sabata yotsatira, teni koloko m'mawa. Zikadzakanikanso, ndidikire chaka chathunthu. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chaka sindichitolanso pansi.

Kubwereka laputopu ina sikukanathandiza. Aphunzitsi ankafuna kuti nditsegule pulogalamu yowerengera zimene ndinapeza, iwo akuona, ndipo pulogalamuyo a ku yunivesite anaiika m'laputopu yanga yokhayo.

Woyamba kundipatsa nzeru anali Bertha, mnzanga wa ku famase, mwana wobadwira ku Hara konko. Iye anati vuto ndi chinyontho cha kunyanja chosakanikirana ndi kutentha kwa Okutobala. Umboni anali nawo: laputopu inkagwira bwinobwino m'mawa, koma ikafika nthawi ya nkhomaliro inkayamba misala yake. Tsono anthu a kuno, chinthu chilichonse cha magetsi chikadwala, mankhwala ake ndi mpunga. Foni ikagwa m'madzi, mumpunga. Wailesi ikayamba kulira ngati ili ndi chimfine, mumpunga. Bertha anaitenga laputopu yanga, anamasula thumba la kilombero la amayi ake, n'kuikwirira pakati penipeni masiku awiri. Ine, munthu wophunzira za sayansi, ndinavomera, pajatu wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inatuluka ikununkhira bwino kwambiri. Masana ake inazimanso, ndipo tsopano chokupizira mphepo cha m'kati chinali chikulira khotcho khotcho.

Lachisanu ndinakwera minibasi kupita ku Boma. Wokonza makompyuta kumeneko, wa shopu ya magalasi ndi nyimbo zaphokoso, sanaitsegule n'komwe. Anati ndi vayirasi, tiifomate. Nditamufunsa za pulogalamu yanga, anakweza mapewa n'kunena kuti zonse zipita. Ndinailanda m'manja mwake ndipo zimene ndinamuuza sindingazilembe pano.

Ndiye Lolemba, kutatsala masiku atatu, ndi pamene ndinapezeka nditaima pamkumbira, dothi lounjika lotchinga madzi m'mbali mwa ngalande, ndikuyang'ana bambo wa imvi akufufuza m'matope.

"Monire, anesi," anatero osatulutsa dzanja. "Mundikhululukire pachoko. Nkhanu yaboola apa, maji akuthawira kumunda kwa munthu amene lero si tsiku lake."

Tinadikira. Anaupeza unawo, anautseka ndi dothi lamakande, anapondaponda, kenako anaima n'kumayang'ana madziwo kwa nthawi imene kwa ine inali ngati mwezi. Atakhutira anatuluka, anasamba m'manja kawiri, n'kupukuta chala chilichonse pachokha ndi kansalu kochokera m'thumba la malaya. Anali munthu wamfupi, wopyapyala, m'chiuno mwake mukulendewera sipanala yaikulu yotsegulira mageti a madzi.

Mbiri yawo ndinadzaimva pambuyo pake, zina kwa iwo eni, zambiri kwa anthu. Bambo awo anachokera cha ku Ngerenge kudzalima mpunga, n'kukwatira mayi wachitumbuka. A Ambokile analekeza Folomu 2, pamene bambo awo anadwala ndipo ng'ombe zinasowa wozilisha. Ali ndi zaka makumi atatu alimi anawasankha kukhala mlonda wa madzi, ntchito imene munthu wofuna kukondedwa sangaivomere. Madzi amayenda mwa ndandanda: lero buloko iyi, mawa inayo. Wina amatsegula geti mozemba, wina amaboola mkumbira dala n'kunamizira nkhanu. A Ambokile anaopsezedwapo ndi khasu, anatukwanidwapo m'zilankhulo zitatu. Koma zaka zoposa makumi awiri zadutsa, ndipo pa msonkhano uliwonse wa alimi dzina lawo limabwerera lokha.

Kompyuta anakumana nayo atakula kale. Bungwe lina linasiya imodzi mu ofesi ya komiti ya alimi, anthu ake n'kupita. Inakhala zaka ziwiri itafunditsidwa nsalu ngati mwana wa malungo, aliyense akuopa kuti akaikhudza n'kuwonongeka, mlandu ukhala wake. A Ambokile anapempha kiyi. Ankafuna kungolembamo ndandanda wa madzi kuti anthu asiye kunena kuti amasintha masiku ndi pensulo. Anaphunzira ndi chala chimodzi. Ikakanika, panalibe womufunsa, choncho anayamba kukopera m'kope mawu aliwonse amene kompyutayo yalemba pa sikirini, chilembo ndi chilembo, pamodzi ndi tsiku, nthawi, ndi zimene ankachita isanakanike. Atapeza foni ya intaneti anayamba kufufuza mawu amenewo, akuwerenga Chingerezi pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Lero aphunzitsi, abusa, ngakhale akazi a asilikali a ku Chilumba amawapititsira zinthu zawo. Alibe shopu, alibe chikwangwani. Ukawafuna umafunsa kuti madzi ali buloko iti lero.

Zonsezi tsiku limenelo sindinkazidziwa. Ndinangoona bambo wa matope m'miyendo akundilozera pa mthunzi wa mtengo wa mango.

Laputopu sanaikhudze. Anatulutsa kope lakuda m'pepala la pulasitiki la shuga, anakhala pa muzu, n'kuyamba kundifunsa ngati mmene ine ndimafunsira mayi woyembekezera amene wabwera koyamba. Inayamba liti? Imazima nthawi yanji? Mumakhala kuti? Isanayambe, inachitapo chiyani chachilendo? Ndinakumbukira kuti masabata atatu m'mbuyomo inandiuza kuti ndisaizimitse, ikuika zatsopano. Analemba.

"Sono ikamazima, amakhala pafupi ndi ndani?"

"Funso lanji limenelo, bambo? Mukuganiza kuti analodza?"

"Yayi, amama. Ingoyankhani."

Ndinaganiza. M'mawa ndikakhala ndekha kunyumba, sinkazima. Inkazima masana. Inkazimanso madzulo. Loweruka lina a Sumaili atapita ku Songwe kukapikula katundu, ndinagwira nayo ntchito tsiku lonse, dzuwa likuswa mtengo, osazima ngakhale kamodzi. Ndinawayang'ana amuna anga.

"Imazima awa akabwera."

A Sumaili anatsegula pakamwa. "Aa! Ine ndalowamo bwanji? Ine ndimangobwera kudzadya!"

"Ndiye imadana nanu, bwana," anatero a Ambokile, ndipo kwa nthawi yoyamba anamwetulira. "Tiyeni tione chifukwa chake. Tengani foni yanu ndi ya amama, mupite nazo ku msewu. Musabwere mpaka ndikukupizeni chipewa."

A Sumaili anapita akung'ung'udza. A Ambokile anazimitsa foni yawo, anatenga laputopu, anaitembenuza, n'kupemerera m'timabowo ta pansi. Munatuluka njere zitatu za kilombero ndi mankhusu. Anangozisesa ndi dzanja osandiseka, ndipo ndinawathokoza mumtima. Kenako anaichotsa pa mthunzi paja n'kukaiika pa simenti ya geti, padzuwa la thwelofu koloko la ku Karonga, limene limakupsereza ngakhale uli m'nsapato. Anandiuza kuti nditsegule zonse: kafukufuku, pulogalamu ija, kamera, ngakhale nyimbo.

"Mukufuna kuipheratu?" ndinakuwa.

"Mwati ndi kutentha. Tiyeni kutentha kudziyankhire mlandu wake."

Tinakhala mphindi makumi anayi. Ine thukuta lili kamukamu, iwo akungoyang'ana wotchi. Laputopu inatentha ngati chiwaya, koma siinazime. Anaibweza pa mthunzi, analemba m'kope, n'kundiuza mmene amagwirira ntchito. Ndikuyesa kulemba mmene ananenera.

"Maji akamasowa kumapeto kwa ngalande, anthu amathamanga uku ndi uku, aliyense ali ndi munthu wake womuloza chala. Ine yayi. Ndimatseka mageti onse. Ndimatsegula limodzi, ndidikire. Likakhala bwino, nditsegule lina, ndidikire. Ukatsegula awiri nthawi imodzi, sudziwa lakuba ndi liti. Anthu amatopa ndi kudikirako, ndiye chifukwa sapeza."

Anakupiza chipewa. A Sumaili anabwera, anaima patali ngati wopalamula. Foni yawo, imene hotisipoti yake imakhala yoyatsa tsiku lonse chifukwa cha golosale, inali m'thumba. Pakona ya sikirini kachizindikiro ka wayifayi kanadzaza kokha, laputopu italumikizana nayo monga inazolowera. Panapita mphindi zisanu ndi imodzi. Buluu.

Ndinagwira mutu. Masabata atatu ndinali nacho m'nyumba chinthu chimenechi, ndikuchiona tsiku ndi tsiku, osachizindikira.

A Ambokile anali atakonzeka, bolopeni ili m'manja. Sikirini ya buluu imakhala kanthawi kochepa, ndipo ine nthawi zonse ndinkangoona kankhope kaja n'kuyamba kutukwana. Iwo anayang'ana pansi penipeni, pa timalemba ting'onoting'ono, n'kukopera dzina la fayilo imene yalephera. Sanamalize, inazima. Anaiyatsa, tinadikiranso, inagwanso, anamalizitsa zilembo zotsalazo. Anafufuza dzinalo pa foni yawo, chala chikutsata mzere, milomo ikugwedera. Kenako anatsegula pamene laputopu imaonetsa ziwalo zake zonse, anapeza kakhadi ka wayifayi, n'kukatseka. A Sumaili anauzidwa kuti akhale pafupi, ayandikize foni, achite zimene angathe. Ola lathunthu, siinazime. Anakatsegulanso kakhadi kaja. Mphindi zinayi, buluu.

"Nali geti lathu," anatero. "Koma getilo silinathyoke. Kakhadi kali bwino. Pali kapulogalamu kamene kamauza kakhadika zochita, amati dalaivala. Tsiku lija inaika zatsopano, inachotsa dalaivala wakale n'kuika wina wosagwirizana ndi kakhadi kanu. Netiweki ikayamba kuyenda, iye amasokonezeka, ndiye kompyuta yonse imadzizimitsa kuti isawonongeke. Tifunika kubweza wakale."

"Ndiye bwezani!"

Anayesa. Batani lobwezera linali lotuwa, losadinika, kusonyeza kuti wakaleyo anafufutidwa. Ankafunika kumutenga pa intaneti, koma intanetiyo ndiyo inkagwetsa laputopu. Apa ndiye ndinataya mtima, ndipo misozi inayamba yokha. Ndinati zanga zada, ndibwerere ku Boma akangoifomata.

"Pole, anesi. Pachoko pachoko," anatero. "Geti likamakonzedwa, mpunga sitiusiya ndi ludzu. Timapatutsa maji. Muli ndi chingwe chotchajira foni?"

Chinali m'chikwama. Anatsekanso kakhadi kaja, analumikiza foni ya a Sumaili ku laputopu ndi chingwecho, anadina penapake m'foni, ndipo intaneti inalowa kudzera m'chingwe, wayifayi osaikhudza n'komwe. Chingwe chimene ndinkayenda nacho tsiku lililonse! Ndinawayang'ana bambo aja, zikhadabo zawo zikadali ndi dothi m'mbali, ndipo manyazi anandigwira pa zimene ndinanena pofika. Ndaonapo madokotala odziwa ntchito, koma kudekha kotere, kosalumpha sitepe ngakhale imodzi munthu akukulirira pambali, ndinali ndisanakuonepo. Ndinachita mantha aulemu, amene umamva munthu akamachita bwino kwambiri chinthu chimene palibe anamuphunzitsa.

Netiweki ya pakati pa minda ndi yaulesi, moti dalaivala wakaleyo anatenga pafupifupi ola kuti atsike. Pakati pake a Ambokile anapepesa, anakwera njinga yawo yakapalasa kukatseka geti la buloko ina, n'kubwerera. Anachotsa dalaivala wosokonezekayo, anaika wakale, anauza laputopu kuti isadzamusinthenso yokha, n'kutsegula kakhadi. Inalumikizana. Mphindi khumi, makumi awiri, ola. Ine ndinkafuna kuvina. Iwo anapukusa mutu.

"Ola limodzi si umboni. Mawa muigwiritse ntchito tsiku lonse, bwana ali pafupi. Mawa linalo muimbire mnzanu pa vidiyo, muyeseze mayeso anu onse. Lachinayi ndibwera. Chingwecho chikhale pa tebulo."

Ndinachita zonse monga mwana wa sukulu. A Sumaili anatseka golosale theka la tsiku n'kukhala pa mpando pafupi nane, akudandaula kuti asanduka mankhwala oyesera. Siinazime.

Lachinayi anafika eyiti koloko, atavala malaya oyera ositidwa, sipanala ataisiya. Anati apempha mnzawo wa mu komiti kuti awagwirire mageti mpaka masana, chinthu chimene Bertha anandiuza pambuyo pake kuti sichinachitikepo. Anayang'ana batire, anayang'ana chingwe, anasuntha tebulo kufupi ndi zenera kumene netiweki imakoka bwino. Ndinawapempha kuti akhale m'nyumba. Anakana, nati mayeso ndi a munthu mmodzi, n'kukakhala pa benchi pakhonde, kunsi kwa zenera lomwelo.

Aphunzitsi anaonekera teni koloko yeniyeni. Ndinapereka moni, diso limodzi lili pa kachizindikiro ka wayifayi. Mphindi zisanu ndi imodzi zinadutsa. Kenako ndinaiwala za laputopu, ndinayamba kulankhula za ntchito yanga. Kafukufuku wanga anali wa amayi a m'midzi yotizungulira amene amataya magazi pobereka n'kumwalira asanafike kuchipatala. Ndinayenda khomo ndi khomo, ndinalankhula ndi amuna awo, apongozi awo, azamba a kumudzi. Ndinafotokoza za maola amene amatayika banja likukambirana, za kusaka ngolo ndi ng'ombe zokoka, za misewu ya m'dzinja. Anandipanikiza ndi mafunso, ndinatsegula pulogalamu ija, anaona zonse. Patatha ola ndi mphindi makumi awiri anandiuza kuti ndidikire, anazimitsa mawu awo, kenako anabwerera. Mayi wamkulu pakati pawo anamwetulira n'kunena kuti ndakhoza.

Ndinatuluka ndikuthamanga, ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi. A Sumaili anali akufuula kale kuuza aneba. A Ambokile anali pa benchi pomwe paja, chipewa chili pa bondo.

"Bambo, ndakhoza! Siinazime! Ndikuthokozeni bwanji ine?"

"Ndamva, anesi. Yewo chomene." Anatembenuza chipewacho. "Pepani, zenera linali lotsegula. Munati amayi amene anafera m'njira munapeza angati?"

"Khumi ndi asanu ndi awiri."

"Munayambira chaka chiti kuwerenga?"

"2018."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye Dora mulibe m'menemo. Iye ndi 2009. Mkazi wanga. Tinali pa ngolo, titatsala pang'ono kufika pa msewu wa tala. Ndinkaona magazi akutuluka, ndipo sindinadziwe potseka."

Ndinakhala pansi pa simenti, pafupi ndi mapazi awo. Ndinawafunsa kuti anadziwa liti zimene zinali m'laputopu muja. Anati Lolemba lomwe lija pa geti, pamene ananditsegulitsa zonse, anawerenga mutu wa kafukufukuyo.

Anaimirira, anavala chipewa, n'kugwira njinga yawo.

"Mukadzalemba kafukufuku wina, anesi, mudzayambire m'mbuyo pachoko. Ndidzakuuzani zonse, tsiku ndi nthawi yomwe. Ndinalemba."